Spiriti Wosafika pa Mzere wa Chigubu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Ine ndine mayi Zulu a ku Madzimoyo, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za chigubu chimene chinatsala pang'ono kuwachotsetsa ntchito amuna anga ndi kundipasulira banja.

Amuna anga anasiya kachasu kalekale, koma anthu saiwala. Amagwira ntchito pa kachipatala kena, ndipo nthawi ya korona anawapatsa udindo wosakaniza spiriti ndi madzi owiritsa, zopaka m'manja zija. Ankayeza bwinobwino, spiriti payekha, madzi paokha, koma akathira m'chigubu chimodzi sizinkafika pa mzere wa muyezo umene zinayenera kufikapo. Mnzawo wina akasakaniza, zinkafika ndendende. Basi manong'onong'o anayamba, akuti a Zulu akupsontha spiriti wa odwala. Akuluakulu anawauza kuti zikapitirira, ntchito yatha.

Ndinamirenji, nanenso ndinayamba kuwakayikira. Akafika pakhomo ndinkathamangira kuwalandira chikwama, koma cholinga chinali kuwanunkhiza m'kamwa. Ndinafufuza m'nkhokwe ya mtedza mpaka kuseri kwa bafa. Sindinapeze kanthu, komabe mtima sunakhale pansi. Tsiku lina ndinapsa mtima.

"Bambo a Mwai, ngati simukumwa, bwanji osangowonjezera timadzi kuti zikwane?"

Anandiyang'ana nati, "Mayi a Mwai, ndisukulutse mankhwala a odwala?"

Ndinalira ndi mkwiyo. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, ngati akunama muwaulule, ngati akunena zoona muwalankhulire.

Kenaka kunabwera mayi wina woyang'anira za mankhwala kuchokera ku Chipata, ndipo tonse tinkati wabwera kudzawachotsa. Ndinawaperekeza amuna anga kuti ndikadzimvere ndekha. Mayiyo sanafunse zambiri. Anayeza ndi manja ake, n'kusakaniza anthu onse akuona. Abale, sizinafike pa mzere! Anafotokoza kuti spiriti ndi madzi zikakumana zimalowerana, chilichonse n'kutenga malo ochepa kuposa chikakhala pachokha. Choncho powerengera suphatikiza malita a uku ndi a uku ayi, umawerengera malo amene chilichonse chimatenga chikakhala kale m'kati mwa chinzake. Atatero anafunsa kuti, "Nanga amene zake zimafika pa mzere ndani? Ameneyo andiuze chimene amawonjezera." Mnzawo uja anangozyolika.

Amuna anga ali pa ntchito mpaka lero. Pobwerera ndinagwada m'fumbi la mumsewu kuwapepesa, iwo n'kundidzutsa akuseka, ati anthu ayesa kuti woledzera ndine, osati iwo.

Inu amene mukunamiziridwa, limbani mtima, musakhotetse chilungamo chanu kuti pakamwa pa anthu patsekeke. Amuna anga akanandimvera ine tsiku lija, Mulungu akanawalankhulira chiyani? Ndikuyamika Ambuye chifukwa anamva pemphero langa, ndipo ndikuwayamika koposa chifukwa amuna anga sanamvere malangizo anga. Ameni.