Ng'ombe ya Profesa

Pakhoma la labu panali lamulo limene Profesa analimata okha ndi manja awo: "Lembani zonse zimene mwaona, maganizo anu muwasiye kunyumba." Mayi woyeza zinthu m'menemo analisunga lamulolo mopitirira muyeso mpaka anzawo anawatcha Kalembera, ndipo tsiku limeneli mtima wawo unali m'mwamba, poti kusaina zabodza kamodzi kokha kukanawalanditsa satifiketi ya ntchito.

"Sainani apa, Mayi," anatero Profesa, akugogoda buku la zotsatira. "Atolankhani afika thu koloko. Tapeza puloteni ya munthu yotchedwa lakitoferini mu mkaka wa ng'ombe! Chiyambire dziko, palibe anazionapo."

"Chimene ndaona ine ndi chikasu, Profesa."

"Eyaa! Nanga chikasucho ndi chiyani? Maantibode athuwa ali ngati galu wosaka: amagwira puloteni ya munthu yokha, ya ng'ombe amangoidutsa. Akaigwira, kadzenje ka m'mbale yoyezera kamasanduka chikasu. Tathira mkaka wa ng'ombe, kachita chikasu. Ndiye vuto lili pati?"

"Madzi opanda kanthu amene tinathira pongoyerekezera nawonso achita chikasu."

"Ndiye kuti tapeza ziwiri! Za madzizo tidzalengeza chaka chamawa. Zabwino sapereka tsiku limodzi."

Kalembera anakoka buku lija. Analitsegula m'mbuyo n'kuyamba kuwerenga.

"Lolemba: Profesa anawerama pa mbale, analankhula mphindi khumi. Chikasu chapakatikati. Lachiwiri: Profesa anafotokoza za msonkhano umene anawaombera m'manja ataimirira. Mphindi makumi atatu. Chikasu chambiri."

"Aaa! Mumalemba ndi zokamba zanga zomwe?" Profesa anakonza tayi, nkhope ili ngwee. "Mwandikhudza mtima, Mayi. Musazitaye, adzazisindikiza ndikadzamwalira."

"Lachitatu munapita kumaliro a alamu anu. Mbale yonse inali mbee."

"Ng'ombe nazo zili ndi masiku ake."

"Mkaka unali wa botolo lomwelo."

"Botolo nalonso lili ndi masiku ake!"

"Lachinayi munakalipira woyendetsa galimoto pafoni, mutaima kumanzere kwa tebulo. Timaenje ta kumanzere tinachita chikasu. Ta kumanja ayi."

Profesa anayang'ana mayiyo pamwamba pa magalasi. "Ndiye mukuti chiyani pamenepa?"

"Palibe, Profesa. Maganizo ndawasiya kunyumba."

Munthu wamkulu uja anazungulira tebulo kawiri, manja kumbuyo. Kenaka anaima njii, n'kuwomba m'manja.

"Ndazindikira! Pali wina akundithirira chinthu m'mbale zanga. Nsanje! Ndi a labu ya m'munsiyi, sanandikondepo. Amalowa ndikakhalapo kuti anthu asawaganizire."

"Sindinaone aliyense akulowa."

"Mfiti simaoneka, Mayi. Koma mkaka wanga uli bwinobwino, iwo angodetsa madziwo." Anakoka mbale yomaliza, imene inali ndi dontho lotsiriza la maantibode, n'kuivundukula. "Lembani pamenepo komwe puloteni yachokera, musaine, mujambule tsambalo, mutumize kwa atolankhani. Panopa! Apo ayi, mawa musavutike kubwera."

"Ndilembe zimene ndaona?"

"Nanga mulembe zimene mwalota?"

Mantha anawachoka mayi aja ngati wina wawatula mtolo. Analemba mzere umodzi, anasaina mosathamanga, foni inalira kuti uthenga wapita. Atatero anatenga rula m'dirowa, n'kuiimika pakati pa mbale ndi pakamwa pa Profesa.

"Iii! Mukundiyeza chiyani? Ndine nsalu ine?"

"Masentimita khumi ndi asanu. Masiki ili pachibwano."

"Masiki ndi ya ana a chaka choyamba! Ine ndilankhule bwanji nditamangidwa pakamwa?"

"Madontho atatu agwera mu mzere wachiwiri wa timaenje."

"Madontho a chiyani? Denga likudontha?"

"Denga ndi louma. Anayi tsopano."

"Musandiphunzitse ntchito, Mayi!" Profesa anawerama kwambiri, mawu akumveka mpaka kumakwerero. "Puloteni imeneyi ndaiphunzitsa zaka makumi atatu! Mwana aliyense wa m'kalasi mwanga amadziwa pamtima kuti lakitoferini imapezeka mu mkaka wa m'mawere, m'misozi, m'mamina, ndiponso m'malovu a munthu ali..."

Profesa anayang'ana pansi. Dzuwa la pawindo linali likuwalira pa mbale, ndipo timadontho tinkaoneka bwinobwino, tina tikutsetsereka kulowa m'timaenje. Zoona chala sichiloza mwini, koma cha Profesa chinanyamuka chokha pang'onopang'ono mpaka chinakagwira mlomo.

"Asanu ndi anayi," anatero Kalembera, akulemba.

Profesa anakweza masiki mpaka m'maso. Mawu anatuluka ang'onoang'ono. "Mayi... achemwali anga... musasaine."

"Ndasaina kale."

"Musatumize."

"Zapita. Munati panopa."

"Mwalemba chiyani?"

"Kuti chikasu chimabwera Profesa akalankhula, ndipo chimachuluka akakwiya."

"Mayo ine! Miyezi isanu yonseyi osandiuza bwanji?"

"Amenewo akanakhala maganizo, Profesa."

"Auzeni ndadwala. Auzeni ndapita kumaliro!"

"Alamu anu tinawalemba kale Lachitatu."

Pachitseko panamveka kugogoda, ndi phokoso la anthu akukoka zingwe za makamera. Kalembera anasuzumira panja, anamvetsera pang'ono, n'kubwerera buku lili m'khwapa.

"Afika. Akuti uthenga sanauwerenge, anali panjira, koma akufuna ayambe ajambula ng'ombe yachilendo ija." Anaika cholembera pakhutu. "Mufuna akujambuleni mutaima, Profesa, kapena mutakhala?"