Firiji ya Mayi Konadu

Malemu athuwa, Mayi Abena Konadu Dufie, anabadwa Lachiwiri pa 14 Malichi 1967 kuno ku Mampong. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mchimwene wawo, ndipo anthu akulira, mundikhululukire, zina sindizikometsera.

Atamaliza pulayimale mu 1982, anakaphunzira zosoka ku Kumasi. Mu 1990 anakwatiwa ndi Bambo Kwabena Ampofo, mphunzitsi. Kwa zaka zoposa makumi atatu malemu ankasoka zovala za pamaliro. Zofiira ndi zakuda zimene ambiri mwavalazi zinatuluka m'manja mwawo.

Mu Febuluwale 2022 ulusi unayamba kuwakanika kulowa pa singano, mutu nkumawaphwanya. Madokotala ku Kumasi anapeza khansa ya mu ubongo. Anawachita opaleshoni, koma chaka chatha chotupa chinabwerera.

Adokotala anatiuza mosabisa kuti ubongo uli ndi mpanda wake umene umatchinga mankhwala ambiri, choncho mtundu umodzi sukwanira. Panafunika iwiri yoyendera limodzi: mapilitsi, ndi ena a m'timabotolo othira mu diripi, osafuna kutentha. Kuchira sanatilonjeze, anangoti mwina masiku awonjezekeko. Malemu anayankha akuseka: "Ine zaka sindikupempha. Mungondifikitsa Disembala, ndinyamule mwana wa Pokuaa." Pokuaa ndi mwana wawo wamkazi, ndipo panthawiyo anali woyembekezera koyamba.

Timabotoloto kuchipatala kunalibe. Mwana wawo wamwamuna Boakye ndiye anapeza timabotoloto movutikira kunja kwa dziko kumene amagwira ntchito. Pakuti magetsi amathimathima, tinatisunga m'firiji ya kunyumba yaikulu ya fuko lathu, kumene kuli jenereta. Pokuaa analemba pakatoni kuti "Mankhwala, osachotsa."

Pa 10 Ogasiti panyumbapo panali maliro a msuweni wathu. Alendo anachuluka, zakumwa zinafunda. Wina anatulutsa katoni ija, nkuiika pawindo, nkudzaza mowa m'firiji. Inakhala padzuwa masiku atatu! Pokuaa atafunsa, anamuyankha kuti, "Iwe, ukufuna alendo amwe wofunda, fuko lichite manyazi?" Adokotala anati mankhwalawo ndi otaya basi. Pamene mankhwala ena ankafika, chotupa chinali chitakula, ndipo mapilitsi okha sanaphule kanthu.

Dzina la munthu amene anatulutsa katoniyo sinditchula. Ali pompano, wavala chovala chimene anamusokera malemu. Zimandiwawa, abale anga, zimandiwawa kwambiri.

Malemu anatisiya pa 6 Okutobala. Ndiye taonani changu cha fukoli! Tsiku lomwelo firiji inapezeka ku nyumba ya chisoni, ndipo akuluakulu analamula kuti thupi lisungidwe miyezi itatu kufikira tipente nyumba ndi kusindikiza zithunzi. Mlungu uliwonse ankatuma munthu kukaona ngati ikuzizira bwino. Pa 9 Disembala Pokuaa anachira, mwana wamkazi. Agogo ake anali m'firiji.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri ndi mdzukuluyo, amene tamutcha Konadu. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, amayi a mpingo amene ankawasambitsa, ndi osoka anzawo amene amaliza kadiresi kamene malemu anayamba kusokera khandali.

Zakumwa zilipo kuseri uko. Sitinaziike m'firiji, ndipo lero mumwa zofunda.

Achemwali anga, mzimu wanu uuse mu mtendere.