Makalata Atatu M'dirowa ya A Wotchi

Malemu achimwene athu, amene ambiri mumawadziwa kuti a Wotchi, anabadwa pa 9 Ogasiti 1964, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu. Sukulu anayamba mu 1971. Aphunzitsi anatopa nawo msanga, chifukwa akauzidwa yankho, iwo ankafunsa kuti aphunzitsiwo alitenga kuti. Khalidwe limeneli anafika nalo mpaka pa imvi.

Mu 1985 anaphunzira kukonza mawotchi, ndipo mu 1988 anatsegula kashopu pansi pa masitepe a nyumba yosanja yoyang'anizana ndi positi ofesi. Ankanena kuti wotchi imene sanaitsegule kumbuyo saikhulupirira, ngakhale ikhale yatsopano. Munthu akati wotchi yake yangoima yokha, ankamuyang'anira pamwamba pa magalasi mpaka munthuyo avomere kuti anaigwetsera m'madzi. Pa 14 Meyi 1993 anamanga banja ndi alamu athu, omwe ndi telala. Banja lawo linali lamtendere.

Mu 2019 mphuno yakumanzere inayamba kutsekeka. Iwo ankati ndi chimfine, koma chimfinecho chinatha zaka ziwiri. Mu 2021 kuchipatala anawapeza ndi chotupa pa kafupa kofewa kaja kamene kamagawa mphuno pakati. Madokotala anati si khansa, ndi chotupa chofatsa, kungoti sichipezekapezeka. Pa 6 Okutobala anawachita opaleshoni, ndipo anachichotsera m'mphuno momwemo osang'amba nkhope. Zonse zinayenda bwino.

Vuto linayamba m'mawa mwake. Bedi lawo linazunguliridwa ndi madokotala ophunzira, ena akulemba, ena akusuzumira ndi tochi, poti matenda otere ambiri anali atangowawerenga m'mabuku. Malemu anawawerenga anthuwo mmodzimmodzi, napeza khumi ndi mmodzi. Masana ake anandikokera pafupi n'kundinong'oneza kuti chinthu chofatsa sichisonkhanitsa anthu chonchi, pali chimene akuwabisira. Ndinaseka. Lero ndikudandaula kuti ndinaseka.

Powatulutsa, dokotala wamkulu anafotokoza kuti chotupa chotere chikatsalira kachidutswa chimatha kuphukanso, choncho adzawalembera kalata yowaitana kukapimidwa. Alamu athu ankawafunsa malemu za kalatayo mwezi ndi mwezi, ndipo yankho linali lomwelo, lakuti sinafike. Mu 2024 diso lakumanzere linayamba kutupa. Pamene ankavomera kubwerera kuchipatala, chotupa chinali chitalowerera kale kuseri kwa diso. Opaleshoni yachiwiri inali yaikulu, thupi silinapirire, ndipo anatisiya Lachiwiri lapitali, pa 4 Febuluwale 2025.

Anamalira, makutu tili nawo. Kuyambira dzana tikumva manong'onong'o akuti alamu athu ankadziwa kuti inali khansa koma anabisa, ena akuti analandira makalata a chipatala n'kuwang'amba. Ena mwa inu mwafika pano osawapatsa moni. Sindikulozani chala, pakuti inenso ndinawakayikira, mpaka ndinapita ndekha kuchipatala kukafunsa. Kumeneko anandionetsa zotsatira zakupima, ndipo khansa panalibe. Anandionetsanso keyala imene malemu analembetsa ndi dzanja lawo. Sinali ya kunyumba, inali ya kushopu.

Dzulo ndinatsegula kashopu kaja. M'dirowa yapansi, pansi pa kabokosi ka timabatire, ndinapezamo makalata atatu a chipatala, onse osatsegula. Paja akulu anati kandimverere ananena za m'maluwa. Makalatawo ali m'thumba la jekete langali. Wofuna kuwaona andipeze mwambo ukatha, koma ayambe wadutsa kaye pamene akhala mayiwa.

Malemu asiya akazi awo, ana atatu, zidzukulu ziwiri, ndi ife abale awo anayi. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, amene ananena zoona kuyambira tsiku loyamba. Tikuthokoza anzawo a mashopu oyandikana nawo, amene atseka lero kuti adzawaperekeze, ndi nonse amene mwatigwira mkono.

Kwa inu alamu, ndikunena pamaso pa anthu onsewa: zaka zitatu munkafunsa za kalata, ife tili phee, ndipo titataya m'bale wathu tinayamba kukuyang'anani ndi diso loipa. Mutikhululukire.

Mzimu wa achimwene uuse mu mtendere wosatha.