Tsiku limene adzukulu anaika makasu pansi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine mowa sindinaulawepo. Chimene ndinaledzera nacho ndi mwana wanga.

Samisoni wanga analeredwa ndi malume ake, achimwene anga a Likhomo, amene ankathyola tiyi ku esiteti kuti mwanayo aphunzire. Analowa usilikali, nakwera mpaka kukhala Mejala. Ku Congo, kumene anakasungitsa mtendere, ananyamula anzake ovulala zipolopolo zikulira, ndipo anamuveka mendulo. Kenako inabwera ina, ndi inanso. Chithunzi chake ndinachipachika moyang'ana pakhomo kuti wodutsa aliyense achione.

Dzina langa ndinalikana. Wondiitana kuti Esinati sindinkamuyankha. Ndinali Make Mejala basi.

Mukudziwa kuti kwathu kuno maliro akagwa, mayi aliyense amanyamula kaufa, nkhuni ndi ndowa. Ine ndinaleka. Mayi wa Mejala asenze nkhuni? Mwana wa a Mulima, mkulu wa adzukulu okumba manda, atamwalira, ndinadutsa pasiwa ndikupita ku Chitakale kukagula nsalu. Ndinangokweza dzanja ngati ndikuimitsa minibasi. Koma Lamulungu ndinkakhala kutsogolo, ndikuimba kuposa onse.

Amayi anzanga atandichenjeza, ndinawayankha mawu amene mpaka lero amandiotcha: "Maliro a pakhomo panga adzakumba asilikali."

Ndiye achimwene anamwalira.

M'mawa adzukulu anabwera ndithu. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, makasu n'kuwaika pansi. Amayi nawo anabwera manja lendelende. Dzuwa linakwera, kumanda kuli zii. Mtembo wa munthu amene sanajombepo maliro a wina aliyense unali m'nyumba, wopanda pougoneka. Chifukwa cha ine.

Ndinapita kukafunsa. A Mulima anayankha mofatsa, osandiyang'ana: "Tikudikira asilikali, mayi. Makasu athuwa ndi a anthu wamba."

Masana Samisoni anafika atavala yunifomu, mamendulo ali pachifuwa, kuti alemekeze malume ake. Ndinamuthamangira. Ngakhale pamenepo mtima wanga unali usanasweke. Ndinati, "Uwalamule anthuwa, iwe akuopa."

Anayamba wamva kwa anthu zonse zimene ndinkachita. Atabwerera anandiyang'ana, nati:

"Amayi, anzanga aja ndinawanyamula chifukwa malume anandiphunzitsa kuti munthu sasiyidwa yekha. Inu mwasiya angati?"

Anavula jekete la mamendulo lija n'kundipatsa. Anavula nsapato. Anapita kwa a Mulima, nagwada pafumbi, anthu onse akuona. "Bambo, talakwa. Ndibwerekeni khasu."

Manda athu ali pafupi. Tinamva khasu limodzi lokha likulira, go, go, go. Mwana wanga, amene amuna ambirimbiri amamuchitira sawasha, akukumba yekha chifukwa cha pakamwa pa amake. Jekete linkandilemera m'manja. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Pamenepo ndinapemphera pemphero loona loyamba patapita zaka zambiri. Ndinati, Yesu, Inu munavula ulemerero wanu n'kutsuka mapazi a anthu. Ine ndavala ulemerero wa mwini, wosaugwirira ntchito. Ndivuleni.

A Mulima anadzuka, anzawo n'kutsatira. Makasu anakhala awiri, kenako ambiri. Ndinamva pambuyo pake kuti atafika kumandako, a Mulima anati, "Iwe Mejala, suntha. Tikukumba manda, osati dzenje lobisalamo kunkhondo."

Ndinaika jekete pamkeka. Ndinakwawa ndi maondo kupita kwa akazi a Mulima, mayi amene ndinawadutsa akulira mwana wawo. Iwo anandiyang'ana, n'kukankhira ndowa kwa ine.

"Dzuka Esinati. Madzi kulibe."

Ndinayankha kuti, "Wawa." Dzina langa linandikomera tsiku limenelo.

Achimwene tinawaika dzuwa litapendeka. Manyazi sanandithere, ndipo sindipempha kuti athe, chifukwa amandikumbutsa kumene Ambuye ananditola. Chithunzi chija chilipo, koma ndinachisunthira kuchipinda. Maliro akagwa, ndowa yanga imakhala m'gulu loyamba pamjigo.

Alemekezeke Yesu amene sanandisiye ndekha ngakhale ndinasiya ambiri. Mayi mnzanga, bambo, ngati pali chimene mwavala chokulepheretsani kugwada, musadikire kuti makasu aikidwe pansi pakhomo panu. Bwerani lero, akuvuleni. Amen.