Akuti Ukaristia Unandikana

Aulutsi, ndine mayi wa ku Madzimoyo. Kalatayi muiwerenge mokweza, chifukwa ondinenawo wailesi ali nayo.

Amuna anga atapita ku migodi, ufulu utangobwera kumene, mtima unayamba kundithamanga ndi mantha osadziwika mutu wake. Dokotala wa m'tauni anandipatsa mapilisi. Mtima unakhazikikadi, koma m'kamwa munauma gwa.

Kwathu achikulire akusungabe lamulo lakale lakuti wokalandira Ukaristia asalawe kanthu chidzukire, ngakhale madzi. Lamulungu lina ndinayenda mtunda wonse wa kutchalitchi osamwa ndi dontho lomwe. Wansembe atandiika Ukaristia palilime, malovu panalibe, ndipo unandikanirira pakhosi. Ndinatsokomola, Ukaristia uja n'kugwera pansi mpingo wonse ukuona.

Potuluka, apongozi anga anandiimitsa pakhomo.

"Mtengwa, Ambuye sakana munthu popanda chifukwa. Ululani, mwachita chiyani mwana wanga ali kutali?"

"Amayi, ndi mankhwala akuchipatala aja."

"Akuchipatala? Mukudwala chiyani inu, munthu wolima munda wonse wa mtedza nokha?"

Pambuyo pake wansembe anandiuza kuti madzi saletsedwa, ndipo sindinachimwe. Koma anandiuzira monong'ona, m'malo olapira, mudzi osamva. Lero ndikafika pamene amayi anzanga akuswa mtedza, nkhani imathera pomwepo.

Mapilisi ndikumwabe, ndipo ndimayenda ndi kanzimbe konyowetsera kukhosi. Omvera anzanga, matenda osatuluka magazi nawonso ndi matenda. Apongozi analembera kale mwana wawo kalata, ndipo amuna angawo anawayankha. Zanga zitatu sanayankhe.