Lamulo Nambala Seveni

Olemekezeka a Pulezidenti a Ripabuliki ya Chiveve, a Belmiro Nhamitambo, inu amene kunja kuno mumakonza mafiriji ku Munhava koma mukakhala pa kompyuta mumalamula mizinda makumi atatu. Olemekezeka a Sipikala, mayi Custódia Meque. Nduna zonse, osaiwala nduna ya zankhondo imene ndamva kuti chiyambireni chaka chino sinapambanepo nkhondo ndi imodzi yomwe. Abwanamkubwa a mizinda. Aphunzitsi aakulu amene mwatibwereka holo ino. Nzika zonse zili muno, ndi inu amene mukutionera pa mafoni muli ku Nampula, ku Joni ndi ku Lisboa, ndikulonjereni nonse ndi manja awiri.

Ine ndine Ermelinda Jofrisse, jaji woyamba wa dziko lathuli. Ndikuthokoza kuti mwandikumbukira, pakuti papita zaka khumi ndi zitatu ndisanaponye voti pakati panu, ndipo ndimaganiza kuti dzina langa linatsala m'mafayilo akale okha.

Aphunzitsi aakulu andinong'oneza pakhomo paja kuti, “Dona Ermelinda, anthu akuluakulu onsewa, ena a imvi, asonkhana chifukwa cha gemu?” Inde, bwana, chifukwa cha gemu. Ena amasewera aliyense payekha, koma ife kuno ku Beira tinagwirizana zosewera dziko limodzi tonse. Timasankha pulezidenti, timakangana ngati timange doko kapena sukulu, ngati timenyane ndi adani kapena tiwanyengerere, timavota, kenako munthu mmodzi amakadina zomwe tagwirizanazo ndipo masewera amasuntha ndime imodzi. Mwezi wamawa mukuyamba dziko latsopano, ndipo lero mwabwera kudzasankha malamulo ake.

Ndawerenga malamulo onse makumi awiri ndi atatu amene mwakonza. Ambiri mudutsa nawo musanamwe ndi madzi omwe. Koma ndikudziwa kuti mukafika pa nambala seveni mipando iyamba kulira muno, chifukwa ndi lamulo lija lonena kuti chikachitika chachitika: ngakhale talakwitsa, ngakhale taluza mzinda, sititsegula fayilo yadzulo n'kuyambiranso. Achinyamata mukufuna lichoke, akale mukufuna likhale. Ndakuonani a Sipikala mwayamba kale kugwira mutu. Lamulo limenelo ndinalemba ndine, ndiye mundilole ndikuuzeni chimene linandidyera.

Tinayambira mu kafe ya intaneti ya tiyu Issufo, amalume a tonse, ku Maquinino, makompyuta khumi ndi awiri, fani imodzi, fungo la badjia, zitumbuwa za nyemba zija, pena paliponse. Ine ndinali mwana wa sukulu ya zamalamulo, wa zaka makumi awiri ndi zitatu, wokonda mawu anga kuposa chakudya. Mnzanga wapamtima anali Anselmo Fombe. Tinakulira mumsewu umodzi ku Manga, ndipo ndi iye amene anandikokera m'masewerawa. Ankanditcha Mana Linda, ndiye kuti achemwali Linda, ndipo ankandinena kuti, “Mana Linda, iwe ukamayankhula ngakhale udzudzu umapempha kuti uzipita.”

Nthawi imeneyo nzika iliyonse inkapatsidwa mwayi wotcha mzinda umodzi dzina. Mwayi wa Anselmo unafika patangotha miyezi iwiri mayi ake atamwalira, mayi amene ankagulitsa nsomba zouma mumsika, amene anatidyetsa tonse mpunga wa kokonati kangapo osatifunsa kuti kwanu kulibe mbale. Kamzinda kake kanali ka m'mphepete mwa nyanja, ndipo anakatcha Filomena, dzina la mayi akewo. Akuluakulu a nkhondo anamuuza kuti ayambe wamanga linga. Iye anakana. Anati, “Mayi anga sanakhalepo kuseri kwa mpanda. Ndiyamba msika.” Tinamuseka, tinavota, ndipo anapambana ndi mavoti awiri. Akalowa mu kafe, asanapereke moni kwa aliyense, ankayamba wafunsa kuti, “Kwacha bwanji kwa amayi?”

Tsono pa ndime ya 212 tinavota kuti asilikali akhale mu Filomena, chifukwa zombo za adani zinali zitayandikira. Amene anali wodina tsiku limenelo sindimutchula dzina, poti lero ndi Pulezidenti. Sekani, sekani, nayenso akuseka. Zala zake zinali ndi mafuta a badjia, mausi inaterereka, ndipo asilikali onse anatuluka mumzinda ulendo wa kuphiri. Adani analowa n'kuutentha, osasiyako ngakhale khumbi limodzi la pamsika.

Kafe yonse inaimirira. Wina akuti, “Ayi, imeneyo si nkhondo, ndi mafuta!” Wina akuti, “Tsegulani yadzulo, akudziwa ndani?” Ngakhale tiyu Issufo, amene sankadziwa n'komwe kuti tikusewera chiyani, anati, “Bwezerani, ana inu, mukundithawitsira makasitomala.” Nkhani inabwera kwa jaji. Anselmo sanandipemphe kanthu. Anangokhala pa kompyuta yake, mipando itatu kuchokera pomwe ndinali ine, manja ali pamiyendo.

Abale anga, ndinalemba chigamulo cha masamba anayi. Ndinalemba kuti dziko lobwerera mmbuyo likalakwitsa silikhalanso dziko, kuti tikabwezera lero chifukwa cha mausi, mawa tidzabwezera chifukwa voti yatiipira. Chinali chigamulo chokoma, ndipo ena mwa inu mumachiwerengabe. Ndinachiponya pa bwalo lathu la pa intaneti kuti aliyense aone. Anselmo anachiwerenga pa sikirini ngati wina aliyense, munthu woti ndikanangoyenda mapazi awiri ndikanamugwira phewa. Ndinamva akukankha mpando wake. Anadutsa kumbuyo kwanga nati, “Zamveka, a jaji.” Ine sindinatembenuke. Mukudziwa chimene ndinkachita? Ndinkawerenga anthu akundiyamikira pansi pa chigamulo chija.

Sanabwerenso ku kafe. Ndinkati wakwiya, mawa apola. Mawa linakhala sabata, sabata inakhala mwezi, ndipo ine, wodziwa kulemba masamba anayi, ndinalephera kuyenda nyumba zisanu kukagogoda pakhomo pake. Tsiku lomwe ndinalimba mtima ndinapeza chitseko chili ndi loko, aneba n'kundiuza kuti anapeza ntchito yoyendetsa mathiraki ku Nacala. Patapita zaka ziwiri nanenso ndinasiya kusewera, chifukwa masewera anali asakukomanso.

Ndimamusowa, olemekezeka. Ndikunena poyera pamaso pa nduna zonse. Ndimasowa kunyoza kwake, ndimasowa kafe ija imene lero akugulitsamo matayala, ndimasowa masiku amene tonse tinkakwana m'chipinda chimodzi, tisanamwazikane mpaka kumaonana pa timawindo ta foni. Ndipo ndiulule tchimo limene jaji sayenera kuchita: fayilo ya ndime ya 211 ndili nayo. Nthawi zina ndimaitsegula. Filomena amakhala alipo, msika uli pakati, asilikali ali m'malo mwawo. Sindidina kalikonse. Ndimangoyang'ana, kenako n'kutseka.

Mutandiitana, ndinafufuza nambala yake mpaka ndinaipeza kwa msuweni wake. Ndinamulembera kuti, “Mano, achimwene anga, akufuna kuchotsa nambala seveni. Ukati lichoke, ndikaima pamaso pawo n'kunena kuti ndinalakwa. Bwera tikakhale limodzi.” Anatha masiku asanu ndi limodzi ali chete. Lachinayi lapitali anayankha, ndipo ndikuwerengerani momwe analembera:

“Mana Linda, lamulolo lisiyeni, silinalakwe. Amayi enieniwo sanabwerere, nanga a pa kompyuta akanabwerera kuti atani? Mzinda sunandipweteke kwenikweni. Ndinaima kumbuyo kwako kudikira kuti utembenuke.”

Za kubwera kuno sananenepo kanthu. Amene muli kutsogolo mwaona kuti chiyambireni kuyankhula maso anga akungothawira kukhomo. Pepani, si mwano.

Choncho, nzika za Chiveve, sindikuuzani movotera. Mukafuna kulisunga lamulo limeneli, lisungeni. Mukafuna kulifewetsa kuti ngozi ya chala isamaphe mzinda, lifewetseni, dziko ndi lanu ndipo mavoti ndi anu. Pempho langa ndi limodzi, ndipo a Sipikala mulilembe ngati lamulo la makumi awiri ndi anayi ngati nyumba ivomere: jaji asanaponye chigamulo pa bwalo, ayambe wamuuza ndi pakamwa munthu amene chigamulocho chikumugwera. Ngati ali pafupi, apite akakhale naye. Ngati ali ku Joni, amuimbire, amve mawu ake, adikire mpaka winayo atsirize kuyankha. Zimenezi sizitenga ngakhale mphindi khumi. Ine ndinazisunga mphindi khumizo, ndipo zandidyera zaka khumi ndi zisanu.

Basi ya ku Nacala imanyamuka mawa m'mamawa, ndipo tikiti ndagula kale. Sindikudziwa ngati akanditsegulire.

Ndi mawu amenewa, olemekezeka a Pulezidenti, a Sipikala ndi nzika zonse, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti msonkhano wosankha malamulo a Ripabuliki ya Chiveve watsegulidwa tsopano. Kanganani bwino, ndipo muziyang'anana.

Zikomo kwambiri.