Lipoti Langa Linati Alimi Salima

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ntchito yanga inatsalira pang'ono kutha, ntchito yomwe ndimalerera ana chimwalirireni mayi awo.

Ndimagwira kubungwe lina kuno ku Lundazi. Anzanga anayenda m'midzi ya ku Kapichila ndi ku Mphamba kufunsa anthu zimene anachita dzulo lake, kuyambira podzuka mpaka pogona, ndipo ine ndinapatsidwa mayankhowo kuti ndiwawerengere. Zimene ndinapeza zinaonetsa kuti alimi amakhalitsa kutchalitchi ndi kocheza kuposa kumunda, chonsecho inali nyengo yopalira chimanga. Abwana anandibwezera lipoti nati manambalawo ndapeka, ndipo ndikapanda kupeza cholakwika ntchito yatha.

Ndinabwereza kangapo, koma zinkatuluka zomwezo. Sindinafune kuloza chala anzanga popanda umboni. Chakudya chinasiya kukoma, ndipo amene ndikanamuuza zakukhosi anali atagona kumanda. Ndinangoti, "Ambuye, ndionetseni pamene maso anga akudumpha."

Pa mapemphero a mkati mwa sabata ndinapempha abale kuti andikumbukire. Titaweruka, Mayi Nyirenda, omwe timaimba nawo kwaya, anandiimitsa pakhomo. Sindinkadziwa kuti asanapume pantchito ankachita za kafukufuku ku Lusaka.

"Adada, anzanuwo ankapita kumidzi tsiku liti?"

"Kawirikawiri Lolemba, mayi. Ndi pomwe galimoto inkapezeka."

Anaseka mpaka kugwira chitseko. "Nanga dzulo la Lolemba ndi liti? Anthu mwawafunsa za tsiku lovala zopita kutchalitchi, ndiye mukuti salima!"

Mawa lake tinakhala pansi. Anandionetsa kuti yankho lililonse lili ndi manambala awiri osonyeza kulemera kwake. Ine ndinatenga yonena kuti munthu mmodzi akuimira anthu angati. Inayo imalinganizanso masiku: imapeputsa mayankho a Lamlungu popeza anachuluka, n'kulemetsa a masiku olima popeza anachepa. Nditawerengeranso ndi imeneyo, alimi anabwerera kumunda, ndipo nthawi yomwe amayi amathera kumjigo inaonekera bwino. Abwana anawerenga lipotilo, kenako anati, "Mawa musachedwe, ntchito ilipo yambiri."

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso Mayi Nyirenda. Yewo chomene, amama. Inu amene zakuthinani lero, musabise vuto lanu pakati pa abale, ndipo musaleke kupemphera. Wokuthandizani mwina mumaimba naye pabenchi limodzi.